Mmene mwini masheya wamng'ono angaunikire malipiro a akuluakulu a kampani ndi a bodi

Pa msonkhano waukulu wapachaka wa kampani ina umene ndinakhalapo mumzinda wa Blantyre, mfundo yokweza malipiro a mamembala a bodi inadutsa msanga kuposa pemphero lotsegulira. Wapampando anawerenga ziwerengero, munthu wina anati akugwirizana nazo, mnzake anaikira kumbuyo, manja anakwera, ndipo tinalowa mfundo ina. Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali panga, atafumbatira satifiketi yake ya masheya m'kajumbo, anakweza dzanja pamodzi ndi ena onse, kenaka anandinong'oneza kuti, "Kodi achimwene, tavomereza chiyani pamenepa?" Inenso dzanja ndinali nditakweza, koma yankho lomveka ndinalibe.

Malangizo awa ndi a munthu ngati bambo aja, amene ali ndi masheya pang'ono pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, kaya anawagula pamene Airtel Malawi ndi FDH Bank zinkalowa pamsikawu mu 2020, kaya anamusiyira makolo amene anagula m'zaka zoyambirira, malonda a masheya atangoyamba mu 1996 ndi kampani ya NICO. Akukhudzanso wantchito amene amadulidwa ndalama ya penshoni mwezi ndi mwezi, chifukwa gawo lina la ndalamayo amaguliramo masheya a makampani omwewa. Mfundo yanga ndi yakuti kukula kwa malipiro pakokha sikukuuzani zambiri. Zimene muyenera kufufuza ndi zitatu: amene anakhazikitsa malipirowo, chimene munthuyo walipidwira, ndiponso ngati kampani ingathe kumulanda ndalamayo zikadzadziwika kuti zinthu sizinali monga zinalembedwera.

Choyamba, pezani mapepala awiri msonkhano usanachitike: lipoti lapachaka ndi chidziwitso choitanira eni masheya ku msonkhanowo. Chidziwitsochi chimatuluka m'nyuzipepala patatsala masabata angapo, ndipo lipoti mumalipeza pa webusaiti ya kampaniyo kapena ya msika wa masheya, apo ayi mukhoza kupempha kwa broka amene anakugulirani masheya. Musatenge lipoti la chaka chimodzi chokha. Lipoti lililonse limaonetsa ziwerengero za chaka chimenecho ndi za chaka chapitacho, choncho malipoti atatu otsatizana amakupatsani zaka zinayi, zimene zikukwanira kuti muone kumene malipiro akulowera. Muonenso mwezi umene kampaniyo imatsekera mabuku ake, chifukwa makampani ambiri amatseka mu December pamene Illovo Sugar Malawi imatseka mu August, ndipo kuyerekeza makampani awiri osasamala zimenezi kumasokoneza.

Chachiwiri, siyanitsani magulu awiri a anthu amene onse amatchedwa madairekitala, poti apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Gulu loyamba ndi la mamembala a bodi amene sagwira ntchito pakampanipo tsiku ndi tsiku; amabwera ku misonkhano ya bodi ndi ya makomiti ake, amayang'anira oyendetsa kampani m'malo mwa eni masheya, ndipo amalandira ndalama yokhazikika pachaka kuphatikizapo alawansi ya msonkhano uliwonse umene akhalapo. Gulu lachiwiri ndi la olembedwa ntchito, monga mkulu wa kampani ndi mkulu wa zachuma, amene amakhalanso m'bodi koma amalandira malipiro apamwezi, bonasi, penshoni ndi zina zowonjezera. M'zidziwitso za misonkhano ya makampani a kuno mumapeza kawirikawiri mfundo ziwiri zogundizana. Ina imatchula ndalama zenizeni za wapampando ndi mamembala a gulu loyamba, zakale ndi zatsopano, kuti muvomereze. Inayo imangokupemphani kuti mupatse bodi mphamvu yokhazikitsa malipiro a madairekitala olembedwa ntchito, popanda kutchula ngakhale tambala. Ndalama zambiri zili pa mfundo yachiwiriyi, koma maso a anthu amathamangira yoyamba chifukwa ndi imene ili ndi manambala.

Chachitatu, tsegulani lipoti ndi kufufuza ziwerengerozo m'malo atatu, chifukwa siziikidwa pamodzi. Malo oyamba ndi lipoti la madairekitala ndi gawo lofotokoza kayendetsedwe ka kampani, lomwe limakhala koyambirira. Pamenepo mupeza maina a mamembala, makomiti amene akhalamo, ndi tebulo loonetsa misonkhano imene aliyense anafikapo. Malo achiwiri ndi ndemanga zofotokozera mabuku a chuma, pa gawo la ndalama zoyendetsera kampani, pamene malipiro a madairekitala amaonetsedwa pa mzere wakewake. Malo achitatu, omwe ndi ofunika kuposa onse ngakhale amakhala kumapeto kwenikweni m'zilembo zing'onozing'ono, ndi ndemanga ya related parties, kutanthauza anthu ndi makampani amene ali pa ubale ndi kampaniyo. Lamulo la kalembedwe ka mabuku a chuma lotchedwa IAS 24, limene makampani a pamsika wathu amatsata, limafuna kuti kampani ionetse ndalama zonse zimene zapita kwa oyendetsa ake akuluakulu, zitagawidwa m'magulu asanu: malipiro ndi zopindula za chaka chomwecho, za penshoni, zina zolipidwa patapita nthawi yaitali, zolipidwa pochoka ntchito, ndi zolipidwa m'masheya.

Pali chofooka chimodzi chimene muyenera kuchidziwa. IAS 24 imafuna chiwerengero cha gulu lonse pamodzi, osati cha munthu aliyense payekha, kotero mukhoza kupeza mzere umodzi wokha wonena kuti akuluakulu onse analandira zakuti, osadziwa kuti anali anthu angati ndiponso kuti mkulu wa kampani anatengapo zingati. Mukapeza choncho, werengani zithunzi za oyendetsa kampani zimene zili koyambirira kwa lipoti kuti mukhale ndi chithunzithunzi cha chiwerengero chawo, ndipo lembani funso loti mukafunse. Mu ndemanga yomweyi muonenso ngongole zimene madairekitala ndi akuluakulu atenga, makamaka ngati kampaniyo ndi banki, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Ngongole ya nyumba yoperekedwa pa chiwongoladzanja chotsika kwambiri pamene kasitomala wamba akulipira choposa 20 peresenti ndi malipiro ndithu, ngakhale kuti sailemba pa mzere wa malipiro. N'chimodzimodzinso galimoto, mafuta, alonda, lendi ya nyumba ndi fizi ya ana.

Ngati kampaniyo ili ndi kholo lake kunja, monga mmene Airtel Malawi ilili pansi pa Airtel Africa kapena Illovo Sugar Malawi pansi pa gulu la Illovo, lomwe mwini wake ndi Associated British Foods ya ku Britain, yang'ananinso ndalama zimene kampani ya kuno imalipira kholo lakelo chifukwa cha upangiri, luso kapena dzina. Kulipira koteroko si mlandu, ndipo nthawi zambiri pamakhala ntchito yeniyeni imene yagwiridwa, koma akuluakulu ena otumizidwa ndi kholo angathe kulandirira mbali ya malipiro awo kumeneko, motero mzere wa malipiro wa m'lipoti la kuno ungaoneke wochepa kuposa mtengo weniweni wa utsogoleri wa kampaniyo.

Chachinayi, chitani masamu ochepa, ndipo foni yam'manja ikukwanirani. Lembani m'kabuku mizere isanu ya zaka zinayi zija: malipiro a mamembala a bodi, malipiro a oyendetsa kampani akuluakulu, ndalama zonse zolipira antchito, phindu lotsala msonkho utachotsedwa, ndi dividendi ya sheya imodzi, kutanthauza gawo la phindu limene mwini sheyayo amalandira. Kenaka werengani kuti mzere uliwonse wakwera ndi maperesenti angati chaka ndi chaka. Chimene mukufuna kuona ndi ngati mizereyi ikuyendera limodzi. Phindu ndi dividendi zikaima pamodzimodzi kwa zaka zitatu pamene malipiro a akuluakulu akukwerabe, pamenepo pali funso. Mukagawa ndalama zolipira antchito ndi chiwerengero cha antchito, chimene malipoti ambiri amatchula, mupeza malipiro a wantchito wapakatikati mongoyerekeza, ndipo mutha kuona kuti mkulu mmodzi akulandira ngati antchito angati. Ku America makampani a pamsika akhala akukakamizidwa kufalitsa chiwerengero chotere kuyambira mu 2018. Ife timachita kudziwerengera tokha.

Pochita masamuwa musaiwale kugwa mphamvu kwa kwacha, chifukwa kungakunamizeni mbali zonse ziwiri. Kwacha anatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zinthu inakwera kwambiri m'zaka zimenezo. Tiyerekeze kuti bodi ikupempha kukweza malipiro ake ndi 20 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 peresenti; kunena zoona mamembalawo atsitsidwa malipiro, ndipo kuima pamsonkhano n'kuwanena kuti ndi adyera kungakhale kudzichotsa ulemu pachabe. Koma muyezo womwewo muuike pa phindu. Mkulu wa kampani akamanyadira kuti phindu lakwera ndi 20 peresenti m'chaka chomwecho, ndiye kuti kampani yabwerera m'mbuyo, ndipo bonasi yolipidwa chifukwa cha kukwera koteroko yalipidwa pa nthunzi. Funsaninso ngati pali mkulu amene malipiro ake amawerengedwa m'madola, chifukwa munthu wotere amadzuka atakwezedwa malipiro usiku umodzi kwacha akagwa, popanda komiti iliyonse kukhala pansi.

Chachisanu, ndipo apa m'pofunika kudekha, fufuzani chimene bonasi imalipidwira. Lipoti labwino limanena poyera miyezo imene bodi inaika chaka chisanayambe, monga phindu loyerekezedwa ndi chuma cha eni masheya, kuchepa kwa ngongole zosabwezedwa, kapena kuchuluka kwa makasitomala, kenaka limaonetsa kuti akuluakuluwo anafika pati. Lipoti lofooka limangonena kuti malipiro amagwirizana ndi kagwiridwe ka ntchito komanso ndi mmene msika ulili, mawu amene kampani iliyonse ingalembe chaka chilichonse. Mukakumana ndi mawu oterowo, dziwani kuti simunauzidwe kanthu.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti phindulo labwera chifukwa cha luso la oyendetsa kampani kapena chifukwa cha mphepo imene ikukankha aliyense. Nkhani ya Persimmon, kampani yomanga nyumba ya ku Britain, imaonetsa bwino zimenezi. Mu 2012 kampaniyi inakhazikitsa ndondomeko ya bonasi ya masheya ya akuluakulu ake popanda kuika malire a pamwamba. Chaka chotsatira boma la dzikolo linayambitsa ndondomeko ya Help to Buy yothandiza anthu kugula nyumba zatsopano, malonda a makampani omanga nyumba anakwera, masheya anakwera mtengo, ndipo mkulu wa kampaniyo, Jeff Fairburn, anapezeka kuti bonasi yake yafika mapaundi 75 miliyoni ngakhale itachepetsedwa kale. Wapampando wa bodi, Nicholas Wrigley, anatula pansi udindo mu December 2017 chifukwa cha kusaika malire kuja, ndipo Fairburn anachoka kumapeto kwa 2018. Palibe amene anaba. Pangano linatsatidwa monga linalembedwera, koma linalembedwa mosaganizira kuti mvula ikhoza kugwa m'munda mwa wolima ndi wosalima yemwe.

Kuno kwathu funso lomweli ndi loyenera kufunsa pa mabanki. Boma likamabwereka ndalama zambiri m'dziko momwemuno pa chiwongoladzanja chokwera, banki imene yabwereketsa boma imapeza phindu lalikulu popanda kutuluka thukuta lofanana ndi la kufunafuna alimi ndi amalonda oti iwakongoze. Sindikunena kuti akuluakulu a mabanki sagwira ntchito, koma mwini masheya ali ndi ufulu wodziwa kuti pa phindu limene bonasi yawerengedwerapo, ndi gawo lanji lachokera ku ngongole za boma. Njira yapafupi yodziwira ndi kuyerekeza kampaniyo ndi anzake a ntchito yofanana. Pamsika wathu pali National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank ndi FDH Bank, choncho ngati onse apeza phindu lokwera m'chaka chimodzi, mkulu woyenera kuyamikiridwa mwapadera ndi amene waposa anzakewo, osati amene wangoyandama nawo pamadzi osefukira. Pa makampani a foni muli ndi TNM ndi Airtel Malawi zoti muziike pambali pa inzake.

Muonenso nthawi imene bonasi imayezedwera. Bonasi ya chaka chimodzi yolipidwa yonse m'manja imakopa mkulu kuti akankhire mavuto kutsogolo, monga kuchedwetsa kukonza makina kapena kukongoza anthu amene adzalephere kubweza iye atachoka kale. N'chifukwa chake makampani ambiri akunja amasunga gawo la bonasi kwa zaka zitatu kapena kuposerapo, kapena amalipereka m'masheya amene munthuyo saloledwa kugulitsa msanga. Yang'anani m'lipoti tebulo la masheya amene madairekitala ali nawo. Mkulu amene wakhala pakampani zaka khumi koma alibemo sheya ngakhale imodzi akuyendetsa bwato limene iye sanakweremo.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani amene amakhazikitsa malipirowo. Pafupifupi bodi iliyonse ili ndi komiti yoona za malipiro, imene ena amaiphatikiza ndi yoona za kusankha mamembala kapena za antchito. Malawi Code II, ndondomeko ya kayendetsedwe kabwino ka makampani imene inatuluka mu 2010, imayendera mfundo yakuti kampani itsate kapena ifotokoze chifukwa chimene sinatsatire, kotero muwerenge bwino pamene kampani ikufotokoza zimene yapatukapo. Onani ngati mkulu wa kampani ali membala wa komiti imene imakamba za malipiro ake omwe, onani kuti mamembala a komitiyo akhala zaka zingati m'bodi, ndipo onaninso ngati amakumana ndi mkuluyo m'mabodi ena. Dziko lathu ndi laling'ono, anthu odziwa kuyendetsa makampani akuluakulu ndi owerengeka, ndipo maina omwewo amapezeka m'mabodi angapo. Izi pazokha sizolakwika, koma n'kovuta kukaniza bonasi munthu amene sabata yamawa adzakhala pa komiti yokamba za malipiro anu. Kwa mabanki ndi makampani a inshuwalansi kulinso diso lina, la Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, koma iye amayang'ana kwambiri za chitetezo cha ndalama za anthu osungitsa. Za kufunsa ngati dividendi yanu yadyedwa ndi malipiro ndi udindo wanu.

Pa mamembala osagwira ntchito tsiku ndi tsiku, bwererani ku tebulo la misonkhano lija. Alawansi yolipidwa pa msonkhano uliwonse ili ndi ubwino wake, poti wojomba salandira, koma imachititsanso kuti misonkhano ichuluke. Mukaona misonkhano yapadera ikuwonjezeka chaka ndi chaka popanda nkhani yaikulu imene kampani ikulimbana nayo, funsani. Komabe ndikuchenjezeni kuti kulipira mamembalawa ndalama yochepetsetsa si kupulumutsa chuma, chifukwa munthu wodziwa bwino ntchito sangavomere kusenza udindo umene lamulo la makampani la 2013 limaika pa dairekitala ngati akupatsidwa ya mafuta okha, ndipo mpando wake udzatengedwa ndi wongofuna ulemu amene sawerenga mapepala a bodi.

Chachisanu ndi chiwiri, funsani za khomo lotulukira. Malipiro amene amadabwitsa kwambiri eni masheya si apamwezi, koma amene munthu amalandira pochoka, makamaka akachotsedwa chifukwa cholephera. Mu 2003 eni masheya a kampani yopanga mankhwala ya GlaxoSmithKline ku London anakana lipoti la malipiro chifukwa pangano la mkulu wake, Jean-Pierre Garnier, likanamupatsa pafupifupi mapaundi 22 miliyoni akanachotsedwa ntchito, ndipo aka kanali koyamba kuti kampani yaikulu chotero igonje pa voti yotere. Fufuzani kutalika kwa kontirakiti ya mkulu wa kampani yanu ndi miyezi ya malipiro imene angapatsidwe itathetsedwa nthawi isanakwane. Malipiro olonjezedwa kuti adzaperekedwa munthu atapuma nawonso ayenera kuoneka m'mabuku. Mlandu umene Carlos Ghosn, amene anali wapampando wa kampani ya magalimoto ya Nissan, anamangidwira ku Tokyo mu November 2018, womwe iye anaukana, unali woti malipiro otere sanaululidwe mokwanira.

Pambali pa zimenezi pali funso la clawback, lomwe ndi lamulo lolola kampani kulanda bonasi imene inalipira kale zikadziwika kuti ziwerengero zinali zabodza kapena panali khalidwe loipa. Pamene zinaululika mu 2016 kuti antchito a banki ya Wells Fargo ku America ankatsegula maakaunti m'maina a makasitomala popanda chilolezo pofuna kukwaniritsa miyezo ya malonda, mkulu wake John Stumpf anataya masheya a madola 41 miliyoni, ndipo mu 2017 bodi inamulandanso ena a madola 28 miliyoni. Izi zinatheka chifukwa mapangano anali ndi mpata wotero. Ku Carillion, kampani yomanga ya ku Britain imene inagwa mu January 2018, zinadziwika kuti mu 2016 bodi inali itasintha mawu a lamulo lomweli mwanjira yoti kulanda bonasi kukhale kovuta, ndipo kusinthako kunalembedwa m'lipoti lapachaka momwe aliyense akanatha kukuona. Ichi ndi chifukwa china chimene ndinanenera kuti mukhale ndi malipoti a zaka zingapo: muike ndime ya malipiro ya chaka chino pambali pa ya chaka chatha, muwerenge mzere ndi mzere, ndipo liwu lililonse limene lachotsedwa mulilembe.

Chachisanu ndi chitatu, werengani mavoti musanapite, kuti musakakhumudwe. Kumapeto kwa lipoti kumakhala mndandanda wa eni masheya akuluakulu. Makampani ambiri a pamsika wathu ali ndi mwini mmodzi amene ali ndi masheya oposa theka: Press Corporation mu National Bank of Malawi, Standard Bank Group ya ku South Africa mu Standard Bank, boma mu Sunbird Tourism, ndipo Airtel Malawi inagulitsa kwa anthu 20 peresenti yokha. Mfundo wamba imadutsa ndi mavoti oposa theka, choncho mwini wamkulu akavomereza, yadutsa, ngakhale holo yonse itakana. Pa voti yokweza manja munthu aliyense amawerengedwa kamodzi, koma ikaitanidwa poll, yomwe ndi voti yowerenga masheya, sheya iliyonse ndi voti, ndipo pamenepo masheya anu 5,000 amamira.

Izi zisakugwetseni ulesi, chifukwa voti yogonja imagwirabe ntchito ikawerengedwa ndi kulembedwa. Mu April 2016 eni masheya a kampani ya mafuta ya BP okwana 59 peresenti anakana malipiro a mkulu wake Bob Dudley a pafupifupi madola 20 miliyoni m'chaka chimene kampaniyo inaluza madola 6.5 biliyoni, votiyo inali yongolangiza, ndalama anali atalandira kale, koma chaka chotsatira malipiro ake anatsika ndi 40 peresenti. Ku South Africa ndondomeko ya kayendetsedwe ka makampani ya King IV ya mu 2016 inanena kuti eni masheya okwana 25 peresenti akakana ndondomeko ya malipiro, bodi iyenera kukambirana nawo ndi kufotokoza zimene yachitapo. Ngati muli ndi masheya a Old Mutual Limited, imene ili pamsika wa Johannesburg komanso wa kuno, lipoti lake la malipiro muliwerenge ndithu, chifukwa limaonetsa dairekitala aliyense payekha, miyezo yake ndi zimene anakwaniritsa, ndipo likupatsani muyezo wa zimene mungapemphe makampani ena.

Chomaliza ndi msonkhano weniweniwo. Sankhani mafunso awiri kapena atatu okha, muwalembe mwachidule ndi nambala ya tsamba la lipoti, ndipo muwatumize kwa mlembi wa kampani masiku angapo msonkhano usanachitike, kuti pasakhale chonamizira chakuti ziwerengerozo sanabwere nazo. Funso lolunjika limavuta kulizemba. Mungafunse motere: "Zikomo a wapampando. Pa tsamba lakuti, malipiro a oyendetsa kampani akwera kuposa phindu ndi dividendi. Kodi ndalamayi yagawidwa kwa anthu angati, ndi yochuluka bwanji imene ili bonasi, ndipo bonasiyo inayezedwa pa miyezo iti?" Funso lachiwiri lingakhale lakuti ngati mapangano a akuluakulu ali ndi lamulo lolanda bonasi, ndipo ngati alibe, bodi ikuganiza zoliika liti. Lankhulani mwaulemu, musatchule munthu kuti ndi wakuba, ndipo pemphani kuti funso ndi yankho zilembedwe m'maminitsi. Nthawi yofunsira ndi pamene mabuku a chuma akulandiridwa kapena mfundo ya malipiro itangowerengedwa, manja asanakwere.

Ngati simungathe kupita, dzazani fomu ya proxy, yosankhira munthu wokakuvoterani, imene imabwera ndi chidziwitso chija, ndipo muibweze nthawi yake isanathe, yomwe kawirikawiri imakhala maola 48 msonkhano usanayambe. Pa fomuyo chongani nokha kuti mukuvomera, mukukana kapena simukuvota pa mfundo iliyonse, chifukwa mukangosaina n'kusiya mabokosi opanda kanthu, wokuimirirani adzavota mmene afunira, ndipo ngati simunatchule munthu, mafomu ambiri amapereka mphamvuyo kwa wapampando wa msonkhano, yemwe malipiro ake ndi amene akukambidwa. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukhozanso kulumikizana ndi bungwe la eni masheya ang'onoang'ono la Misalico, limene mamembala ake amafunsa mafunso m'misonkhano yotere, komanso kulembera matrasiti a thumba la penshoni la kuntchito kwanu kuwafunsa mmene oyendetsa ndalama zanu anavotera pa mfundo za malipiro, poti mabungwe a penshoni ndi a inshuwalansi ali ndi masheya ochuluka moti bodi siyinganyalanyaze mawu awo.

Mukabwerako, lembani m'kabuku kaja yankho limene munapatsidwa, dzina la udindo wa amene anayankha, ndi lonjezo lililonse limene linaperekedwa. Chaka chamawa mfundo yoyambirira pa msonkhano imakhala yovomereza maminitsi a msonkhano wapitawo, ndipo pamenepo, musanafike n'komwe pa za malipiro, muli ndi mpata woimirira ndi kabuku kanu n'kufunsa ngati funso lanu linalembedwamo ndiponso ngati chimene bodi inalonjeza chaoneka pa tsamba lililonse la lipoti latsopanolo.